Makina Anga ndi Penti wa Achimwene

Achimwene anga a Agustino sangaone chinthu chakuda n'kungodutsa. Ayenera achipake penti basi. Miyala ya m'mbali mwa njira yolowera kwawo ndi yoyera mbee, mitengo ya mango anaiveka masokosi a laimu, khola la nkhunda ndi labuluu, ndipo manda a mayi athu amawapaka chaka ndi chaka ngati kuti mayiwo anatuma uthenga kuti mtundu wa chaka chatha sukuwasangalatsa. Pa Malomo pano anthu amawalemekeza. Ndi wapampando wa tchalitchi chathu cha Katolika, amawotcherera mafelemu a zitseko ndi ngolo za ng'ombe, ndipo chimwalirireni malume athu iwo ndiwo mwini mbumba, nkhani zonse za ife alongo awo zimathera pamaso pawo. Ine ndimawakonda. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ndikayamba kukamba za makina anga ndimaiwala kuti tinayamwa bere limodzi.

Ine ndine Faines. Ndasema zitsulo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa kampani ina ku Kanengo, ku Lilongwe. Makina osemera zitsulo amagwira ntchito motere: mutu wake umaluma chitsulo ndi mano atatu n'kumachizunguza, ndiye kangolo konyamula mpeni kamayenda pa njanji ziwiri m'litali mwa makinawo, mpeniwo n'kumasenda chitsulocho mpaka chifike pa muyeso. Moyo wonse wa makinawo uli pa njanji ziwirizo. Zikakhala zowongoka, shafuti, ndodo yachitsulo imene imazunguza mawilo a makina, imatuluka yowongoka. Zikakhala ndi kachigwa kozama ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi lokha, mpeni umatsika nako, ndipo chimene wasemacho ndi chotaya.

Kampani ija itatseka, anayamba kugulitsa katundu. Ine ndinasankha makina akale kuposa onse, aakulu msinkhu kuposa ine, penti wake atasupuka ngati khungu la nyalimata. Anzanga anandiseka, koma ndinkadziwa chimene ndinkagula. Njanji za makina amenewo anazikonza ndi manja malemu a Elifala a ku Mvera, amene anandiphunzitsa ntchito. Anatenga tupa lakale, analinola kunsonga, n'kumapala nalo njanjizo milungu isanu ndi umodzi. Ankapaka utoto wabuluu pa chitsulo cholemera chowongoka bwino, n'kuchikhutiza pa njanji. Pamene buluu wagwira ndiye pokwera, ndiye ankapala pamenepo pang'onong'ono, kupukuta, kuyezanso, tsiku lonse atawerama. Ine ndinali mtsikana wowanyamulira chitsulo choyezeracho. Atamaliza, njanji zonse zinali ndi timabala tondandana ngati mawanga a nkhanga. Wosadziwa amati ndi zokandika. Koma m'timaenje timeneto ndi momwe oyilo amakhala, ndipo timitu take tonse tili pa mzere umodzi. Chitsulo choyezera chija ndinachigulanso, kuti chisagwe m'manja mwa ogula zitsulo zakutha.

Makinawo anafika pa Malomo pa lole, tinawatsitsa ndi tcheni ndi amuna asanu ndi atatu, aliyense akulamula mnzake. Makinawa amafuna magetsi amphamvu ngati a kuchigayo, ndipo magetsi otero analipo kale m'shedi ya achimwene. Anandipatsa theka la shediyo mwaufulu, ndipo pamenepo ndiwathokoze. Ndinapempha kuti timange khoma pakati, popeza mchenga wothetheka ku gilayinda yawo yopalira zitsulo ukagwera pa njanji zoti zili ndi oyilo umazidya. Iwo anaseka.

"Khoma m'shedi mwanga, ngati tadana? Iwe Faines, za m'tauni uzisiye m'tauni."

Ndinagula lona wofunditsa. Ndinathira simenti yochindikala, n'kudikira milungu itatu kuti iume. Kenako masiku awiri athunthu ndinali chogwada, levulo yanga yoyezera kupendekeka ili pa njanji, ndikulowetsa timalata topyapyala pansi pa miyendo ya makina, kumanga bawuti uyu, kumasula uyo, chifukwa makina otere akakhala mopendekeka thupi lake limapotoka. Ogulitsa tomato ankabwera kudzasuzumira, n'kukauza anzawo kuti mayi wa ku Lilongwe uja akupembedza chitsulo.

Lachitatu ndinayesa. Ndinadula kachitsulo kotalika ngati mkono, ndinasema mbali zonse ziwiri, n'kutenga beringi, mphete yachitsulo imene shafuti imalowamo. Inalowa ndi kukankha kwa chikhatho, kuno ndi uko chimodzimodzi, osagwedera, osakakamira. Ndinakhala pansi n'kulira pang'ono, ndekha, kenako ndinakulunga kachitsuloko m'kansanza n'kukaika m'chikwama.

Beringi imeneyo inali ya Che Sabiti, mwini wa zigayo ziwiri zoyandikana ndi shedi yathu. Chigayo chawo chimodzi chinali chitaima, shafuti itathyoka. Eni zigayo onse a kuno, mpaka a ku Mwansambo, akathyola shafuti amakwera nayo minibasi kupita ku Lilongwe, kugonako, nthawi zina kubwerako ndi chinthu chosalowa. Che Sabiti anali atabwera kale ndi chitsulo chatsopano ndi maberingi awiri, naziika pa tebulo langa.

"Mayi, ine ndilankhule mosabisa," anatero. "Anzanga akuti ndikutaya chitsulo. Akuti ntchito imeneyi sanaionepo m'manja mwa mzimayi. Ine ndati tiyeni tione. Ikalowa, onse abwera kuno, ine ndiwakoka ndekha. Ikapanda kulowa, ineyo ndikhala chete, koma iwo sakhala chete."

Ndinamva. Mwayi unali umodzi womwewo. Pamalo ngati pano mbiri ikaipa tsiku loyamba siyeranso, ndipo ine ndinalibe kwina kopita. Zonse zimene ndinagwirira ntchito zaka zonse zija zinali zitamangidwa ndi mabawuti pa simenti ya m'shedi muja.

Ndikanasema shafutiyo Lachitatu lomwelo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma achimwene anakana. Kwathu chinthu chatsopano sichiyamba ntchito chisanadalitsidwe, kaya ndi ngolo, kaya ndi njinga yamoto, kaya ndi nyumba. Bambo mfumu ankabwera Loweruka kudzachita Misa kutchalitchi chathu, ndipo achimwene anali atawapempha kale. Ine sindinatsutse, ndine Mkatolika ngati iwo omwe. Ndinangoti madzi odalitsawo awaze kumutu ndi kumiyendo, asafike pa njanji, kuopa dzimbiri.

Achimwene anazungulira makinawo manja ali kumbuyo, nkhope itakwinyika.

"Ndiye bambo mfumu adzadalitse chimenechi? Chooneka ngati chatoledwa kudzala? Ndipo taona kukandikaku. Anakugulitsa chinthu chokandikakandika, iwe osaona."

"Achimwene, makina sasema ndi nkhope. Musakhudze kanthu."

Ndinanena zokhazo. Sindinawakhazike pansi n'kuwauza za a Elifala ndi milungu isanu ndi umodzi ija. Ndinaseka n'kufunditsa lona. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, ndipo ndakuvomera pano kuti wina asadzandikumbutse.

Lachinayi ndinapita ku Lilongwe kukagula oyilo wa njanji ndi mipeni ina, ndinagona kwa mwana wanga. Lachisanu masana nditatsika minibasi, fungo linandichingamira ndisanafike n'komwe pa chigayo. Penti. Ndinayamba kuthamanga.

Lona anali atapindidwa bwinobwino pakona. Makina anga anali abuluu. Mutu wabuluu, miyendo yabuluu, zigwiriro zofiira, manambala a pa zopotokola oyezera kuya kwa mpeni atakwiririka ndi penti woyera. Kumbali kunali kutalembedwa ndi zilembo zachikasu kuti MULUNGU NDI WABWINO. Zonsezo ndikanapirira, penti amachoka. Koma kenako maso anga anafika pa njanji. Zinali phuliphuli ngati sefuliya yatsopano. Mawanga aja kunalibe, ngakhale limodzi. Pansi ponse panali fumbi lakuda, ndipo gilayinda inali gone pa tebulo, waya wake usanakulungidwe.

Achimwene anatulukira akupukuta manja, akumwetulira ngati munthu amene wakonza phwando mobisa.

"Waona? Masiku awiri ndakhalira pamenepa. Madisiki atatu a gilayinda atha. Zokandika zija zinali zouma mutu, koma ndathana nazo zonse."

Mawu anabwera onse pamodzi.

"Mwachita chiyani? Mwachita chiyani, achimwene? Ndani anakutumani? Ndinanena kuti musakhudze! Ndinanena m'Chichewa chomveka, osati Chingerezi! Mwatenga gilayinda yopalira mafelemu a zimbudzi n'kuika pa njanji zanga?"

"Iwe, tsitsa mawu. Anthu akumva."

"Amve! Mwapha makina anga! Munthu anawerama milungu isanu ndi umodzi kukonza njanji izi, msana mpaka kupindika, inu n'kudzafafaniza masiku awiri mukuimba mluzu! Kufunsa kokha kunakuvutani? Foni muli nayo, nambala yanga muli nayo. Safunsa anadya phula, koma inu phula lake mwandidyetsa ine!"

Kumwetulira kuja kunachoka. Anaimika khosi.

"Faines, ukulankhula ndi ndani? Ine ndakhala ndi zitsulo iwe usanamere mano. Chinthu chosalala chingayende moipa kuposa chokandika? Za kusukulu zisakupusitse. M'malo mothokoza ukundinyoza pakhomo panga?"

Chimene chinali pa lilime langa sichonenera mlongo wako. Ndinatenga chitsulo choyezera cha a Elifala, ndinachipaka buluu, n'kuchikhutiza pa njanji yakutsogolo. Lachitatu chikanasiya timadontho tabuluu paliponse, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Tsopano chinagwira malo anayi okha. Pakati ponse panali zigwa, ndipo pafupi ndi mutu, pamene ntchito yambiri imachitikira, pepala la m'kope linkalowa pansi pake osakhudza. Ndinawaonetsa achimwene. Anayang'ana n'kunena kuti pepala si chitsulo, n'kutuluka kukaona ngati mipando yamawa yafika.

Mpaka dzuwa kulowa ndinali kumasula kangolo, kutsuka mchenga wa gilayinda ndi palafini, kupala penti pa manambala ndi kampeni. Ndinkatsuka ndikutukwana chamumtima. Ndinatukwana penti, ndinatukwana amene anapanga gilayinda, ndinadzitukwana ndekha chifukwa chokwera minibasi ija. Alamu anga a Talandira, akazi a achimwene, anabwera ndi tiyi, naima pakhomo.

"Alamu, mawa kuli anthu. Chilichonse chimene chalakwika, tidzakambirana m'nyumba. Musawayalutse bambo a kunyumba pagulu, chonde. Anachita ndi mtima wabwino."

Mtima wabwino! Mbuzi ikalowa m'dimba nayonso sikhala ndi mtima woipa. Koma ndinadziwa chimene alamu ankanena. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munthu amene wakuwonongera ndi yemweyo amene anakuperekeza pa ukwati wako, amene anaika maliro a mwamuna wako, amene magetsi ake ndiwo ukuyatsira makina. Ndinawauza alamu kuti ndikhala chete, bola achimwene asandiuze kuti ndiyatse makinawo pamaso pa anthu. Anati akawauza.

Loweruka Misa itatha, gulu lonse linatsikira ku shedi. Amayi a kwaya ndi zitenje zofanana, akuluakulu a mphakati, ogulitsa mumsika, ndi eni zigayo anayi amene Che Sabiti anawaitana, ataima chapatali manja ali m'matumba. Amayi ataona buluu uja anaimba nthungululu. Ine ndinkangoti chamumtima, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bambo mfumu anapemphera, n'kuyamba kuwaza madzi. Ndinazindikira kuti ndatambasula chitenje changa pamwamba pa njanji kuti zisanyowe, ngati munthu wofunditsa mtembo kuopa kuti ungazizidwe.

Kenako achimwene anaima kuti alankhule. Pakamwa Mulungu anawapatsa, zimenezo sindingawalande. Anathokoza bambo mfumu, anathokoza akhristu, n'kufika pa makina a banja lathu, monga anawatchulira.

"Makina awa mmene ankafika munawaona nokha. Anali akuda, njanji zake zokandikakandika. Mlongo wangayu atapita ku Lilongwe Lachinayi, ine ndinati ayi, chinthu cha Mulungu sichingaoneke chonchi. Ndinatenga gilayinda yanga, masiku awiri, kupala njanji zonsezi mpaka kusalala mmene mukuoneramu."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinayang'ana alamu, alamu anayang'ana pansi.

"Tsopano," achimwene anapitiriza, "kuti muone kuti si chokongoletsera chabe, mlongo wanga atisemera kachitsulo pompano. Che Sabiti, bwerani pafupi ndi beringi yanu."

Sankandikola dala, zimenezo ndikudziwa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti makinawo asema bwino kuposa kale, ndipo ine ndichita manyazi chifukwa cha phokoso langa ladzulo. Ndinayesa kukana. Ndinati penti sanaume. Mmodzi wa eni zigayo, bambo wina wa chipewa chachikopa, anaseka.

"Tinanena ife. Kuyatsa komwe akuopa."

Ndinayatsa. Chitsulo cha Che Sabiti sindinachikhudze, sindikanawononga cha mwini ndikudziwa. Ndinatenga chotsala cha chitsulo chimene ndinadulako kachitsulo ka Lachitatu kaja. Ndinachita zonse mmene a Elifala anandiphunzitsira, kuyeza kawiri, kusenda pang'onopang'ono, ndikupempha chamumtima kuti mwina madzi odalitsa aja achite chozizwitsa. Nyenyeswa zinkagwa zopotana, ana a kwaya akuzitola. Kangolo kakafika pa chigwa chija ndinkamva m'dzanja kakutsika, kenako kakukwera. Nditazimitsa ndinapereka kachitsuloko kwa Che Sabiti osayeza n'komwe.

Anatenga beringi, naiika mbali imodzi. Inakana, ngakhale ataikankha ndi manja onse awiri. Anatembenuza, naiika mbali inayo. Inalowa yokha, n'kutsetsereka, n'kumagwedera ngati chibangili pamkono wa mwana. Anaigwedeza kawiri, phokoso lake linamveka shedi yonse.

Wa chipewa uja ndiye anayamba.

"Ndi zimenezo. Makina abwinobwino, okongola chonchi, koma manja. Ntchito zina n'za amuna, tisamakakamize."

Ena anaseka, ena anang'ung'udza movomereza. Mayi wina kumbuyo anati, "Kani zaka zonse zija ankangosesa mu ofesi." Che Sabiti anangoyamba kukulunga beringi yawo m'pepala, ndipo kukulunga kumeneko kunandipweteka kuposa kuseka konse.

Ndinayang'ana achimwene. Nkhope yawo inandiuza kuti azindikira. Anayang'ana njanji, anayang'ana kachitsulo, anakumbukira pepala lija. Ndinadikira. Mawu ochepa okha akanakwana, akuti anthuni, cholakwa ndi changa. Ndikanawakhululukira pomwepo, Mulungu ndi mboni. Anatsokomola, n'kukweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Tisamuseke mlongo wangayu. Mwina gulu lamuchititsa mantha. Ndi poyamba. Ife tilipo, tizimuthandiza pang'onopang'ono mpaka azolowere."

Azolowere! Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zala ziwiri zopindika, khutu limodzi losamva bwino chifukwa cha phokoso la makina, ndiye ndizolowere, pothandizidwa ndi munthu wowotcherera zitseko za makola! Ukali umene ndinamva pamenepo sunali wofuula ngati wadzulo lake. Unali wozizira. Lonjezo langa kwa alamu linathera pomwepo.

Ndinapita pa chikwama changa, ndinatulutsa kansanza kaja, n'kuyenda mpaka pamene panali Che Sabiti.

"Che Sabiti, musanapite, tayesani aka."

Anamasula beringi ija. Anaiika mbali imodzi, nakankha ndi chikhatho, inalowa n'kukhala nji. Anaitulutsa movutikira, natembenuza, nakankhanso. Chimodzimodzi. Anaigwedeza pafupi ndi khutu, osamveka kanthu. Wa chipewa uja anailanda, nayesa yekha, kawiri.

"Aka kasemedwa kuti?" anafunsa.

"Pompano," ndinayankha mokweza, kuti ndi a kumbuyo omwe amve. "Makina omwewa. Manja omwewa. Chitsulo chimodzimodzi, taonani podulira pakugwirizana. Aka ndinasema Lachitatu. Ako ndasema lero. Pakati pa Lachitatu ndi lero ine kunalibe. Chimene chinachitikira njanji izi mwachimva nokha, ndipo munaombera m'manja."

Dzina sindinatchule. Panalibe chifukwa. Mitu yonse inatembenuka yokha. Achimwene anaima pamenepo ndi jekete lawo la pa Misa, pakamwa pali potsegula pang'ono, penti wabuluu akuonekabe m'zikhadabo. Wina kumbuyo anaphulika kuseka, wina n'kumutsatira. Alamu anaphimba nkhope ndi chitenje. Bambo mfumu, munthu wanzeru, anayambitsa nyimbo yotsekera, koma kwaya inaimba mawu akunjenjemera ndi phwete.

Anthu atabalalika Che Sabiti anatsala, kachitsulo ka Lachitatu kali m'manja.

"Zingakonzeke?"

"Ndi manja. Milungu isanu ndi umodzi kwa amene anandiphunzitsa. Ine mwina isanu ndi itatu."

"Chigayo sichingadikire, mayi. Shafuti iyi ipita ku Lilongwe." Anapana kachitsulo kaja m'khwapa. "Koma aka ndikusunga. Aliyense wonena za manja anu ndizimuonetsa. Mukamaliza mundiitane."

Dzina langa ndinalipulumutsa, ndipo mtengo wake ndinauona tsiku lomwelo. Achimwene anandipeza ndikufunditsa lona. Sanakalipe.

"Wandivula pamaso pa bambo mfumu," anatero motsitsa. "Pamaso pa anthu amene ndimawatsogolera."

"Inu munandivula poyamba, n'kunena kuti mukundifunditsa."

Anatuluka. Pofika Lamulungu ana a pamsika anali atayamba kale kuwatchula kuti a Madisiki Atatu. Mwezi usanathe anatula pansi udindo wa kutchalitchi, akuti chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Zowotcherera zawo anazitulutsa panja pansi pa mtengo wa mango, ndipo tikakumana pakhomo la shedi ankayankha moni ngati wa mlendo. Alongo anga ena anati ndinaonjeza. Mwina. Koma palibe mmodzi wa iwo amene anandiuza chimene ndikanadya ndikanakhala chete.

Lolemba lotsatira Loweruka lija ndinanola tupa lakale n'kuyamba. Nditasuntha chitsulo cha kumchira chimene chimachirikiza shafuti yaitali, ndinapeza kuti achimwene analephera kuchimasula, ndiye gilayinda sinafike pansi pake. Panatsala malo aakulu ngati chikhatho, mawanga a a Elifala ali momwemo, ondandana bwino. Ndinawasisita ndi chala, ukali n'kubweranso watsopano ngati kuti zachitika m'mawa womwewo. Malo amenewo ndiwo anakhala muyeso wanga. Kupaka buluu, kukhutiza, kupala, kupukuta. Zigwa za gilayinda zinali zozama, ndiye ndinayenera kutsitsa njanji yonse kuti ifanane nazo. Matuza anatuluka, anaphulika, anauma. Msana unkandidzutsa kusanache. Nthawi zina ndinkamva kuti kunja gilayinda yasiya kulira, ndipo pa zenera pali mthunzi wa munthu, koma sindinkatembenuka.

Zinanditengera milungu isanu ndi inayi. Mawanga anga si okongola ngati a a Elifala, ena aakulu, ena opendama, koma buluu anagwira kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo beringi inalowa ndi chikhatho mbali zonse ziwiri. Woyamba kubwera ndi shafuti anali wa chipewa chachikopa uja, Che Sabiti ali pambuyo pake. Sanapepese, nanenso sindinamutsitsire mtengo.

Mvula itayandikira achimwene anayenera kubwezera zowotcherera zawo m'shedi. Ndinapita ku Lilongwe kukagula zitsulo, mtima uli m'mwamba ulendo wonse, ndipo pobwera ndinamvanso fungo la penti ndisanafike pa chigayo. Ndinathamanga, mawu oipa ali kale pakamwa.

Lona anali momwe ndinamusiyira, mwala uli pamwamba. Pakati pa shedi panali khoma la njerwa, lochokera pansi mpaka ku malata, mipata yonse ya m'mwamba itatsekedwa ndi matope kuti fumbi lisadutse. Mbali yawo anali ataipaka kale buluu, wonyezimira, wosauma. Ndinazungulira kulowa mbali yanga. Njerwa zinali zofiira, simenti ikuoneka m'mizere, popanda ngakhale dontho limodzi la penti. Chitini chinali pakhomo pawo, chidakali ndi penti wokwanira makoma awiri, atachitseka n'kuikapo njerwa.